Ufa wa mwani ndi chilonda cha azakhali anga

Paketi yochokera ku Dar es Salaam

Azakhali anga, alongo awo a bambo anga, amakhala ku Linga ndipo akhala akudwala matenda a shuga kwa nthawi yaitali. Chaka chatha, mwera utangoyamba kuwomba, anaponda munga wa nsomba akuyanika usipa pathandala, ndipo kabala kamene poyamba kankaoneka kachibwana kanasanduka chilonda chokana kupola. Anachita zimene ambiri mwa ife timachita. Anagula makapisozi pagolosale, ena n’kumeza, ena n’kuwatsegula ndi kuwaza ufa wake pachilondapo, ndipo pambuyo pake anamwanso bakitirimu. Chilondacho chinkauma pamwamba kwa masiku ochepa, kenako n’kuyambiranso kutulutsa mafinya ndi fungo.

Mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, amachita geni yokaoda nsalu ndi nsapato ku Dar es Salaam, ndipo paulendo wina anabwerako ndi kapaketi ka ufa wotuwa umene anauzidwa kuti umapha tizilombo ta mtundu uliwonse. Unali ufa wa mwani, ndere za m’nyanja yamchere zimene amayi a ku Zanzibar amalima pazingwe m’madzi osaya, n’kuziumitsa padzuwa. Pafoni yake panalinso uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti akatswiri a sayansi atsimikiza zoti ndere zimenezi zimapha mabakiteriya oopsa amene mankhwala a kuchipatala akuwalephera. Popeza ndimaphunzitsa bayoloje pasukulu ina ya sekondale kuno ku Nkhotakota, mlanduwo unagwera ine. Azakhali anandiitanitsa, n’kundipatsa paketiyo m’manja, ndipo anati: “Aphunzitsi, inu ndi amene mumawerenga mabuku. Tandiuzani, ndiziwaza pachilondapa kapena ndiziika m’phala?”

Ndinawapempha kuti asachite chilichonse mwa ziwirizo kufikira adokotala ataona phazilo, ndipo mwamwayi anandimvera. Koma funsolo linandisowetsa mtendere, chifukwa uthenga wa pafoni uja sunali wopeka. Kafukufuku wotereyu alipodi, ndipo ndi wochuluka, moti ndinalibe mawu achidule owafotokozera azakhali chifukwa chimene chinthu cholembedwa molondola m’buku chingakhalire choopsa pachidendene chawo.

Mbale zimene ndinaonetsedwa

Kuchipatala anapukuta mafinya ndi kathonje n’kutumiza ku labotale. Mnyamata amene analandira kathonjeko anali wophunzira wanga wakale, ndipo zotsatira zitapita kwa adokotala, anandilola kuona mbaleyo azakhali atavomereza. Inali mbale yapulasitiki yokwana pachikhatho, yokhala ndi phala lolimba lachikasu, ndipo pamwamba pake ponse panali patachita mbuu ndi mabakiteriya. Pamwamba pomwepo anali atayalapo timapepala tozungulira ta mamilimita 6, kalikonse konyowetsedwa ndi mankhwala ake. Njira imeneyi anaikhazikitsa William Kirby, Alfred Bauer ndi anzawo mu 1966, ndipo ndi yosavuta kuimvetsa. Mbaleyo imagona m’chofungatira cha madigiri 35 kwa maola 16 mpaka 18, mankhwala amalowerera m’phalamo kuchokera pakapepala, ndipo ngati ali ndi mphamvu pa mabakiteriyawo, pamatsala bwalo loyera kuzungulira kapepalako, monga mmene timalambulira kuzungulira nkhokwe kuti moto wolusa usafike. Kukula kwa bwalolo amakuyeza ndi rula.

Pambale ya azakhali, mabakiteriya a mtundu wa Klebsiella anali atamera mpaka kukhudza kapepala ka mankhwala a gulu la makapisozi aja. Anali atakhudzanso ka bakitirimu, ngakhalenso ka ceftriaxone, jekeseni amene ambiri timamuona ngati wotsiriza. Bwalo looneka bwino linali limodzi lokha, lozungulira mankhwala ena a jekeseni omwe sagulitsidwa pagolosale. Ndaphunzitsa za mabakiteriya osamva mankhwala kwa zaka zambiri, ndikujambula mabwalo amenewa ndi choko pabolodi, koma kuona kuti tizilombo ta m’phazi la m’bale wanga tikudya ndi kuswana pamphepete penipeni pa mankhwala amene iwo anatayirapo ndalama ya usipa wawo kunandiumitsa pakamwa.

Ndinatulutsa paketi ya mwani ija m’thumba, ndipo mochita ngati nthabwala ndinamufunsa ngati sitingaiyese nayonso. Anaseka, n’kuloza chimene ndinanyamula. “Aphunzitsi, phala lomwe lili m’mbaleyo ndi la ndere zomwezo.”

Ankanena zoona. Phala lija limatchedwa agar, ndipo amalitenga ku ndere zofiira za m’nyanja yamchere za mitundu ya Gelidium ndi Gracilaria. Wambiri wa m’malabotale amachokera ku Gelidium wokololedwa m’mphepete mwa nyanja ku Morocco. Kale ofufuza ankagwiritsa ntchito gelatin, amene ankasungunuka kukatentha, ndipo mabakiteriya ena ankamudya. Mu 1881 Fanny Hesse, mkazi wa dokotala Walther Hesse yemwe ankagwira ntchito ndi Robert Koch ku Germany, analangiza mwamuna wake kuti ayese agar amene iye ankalimbitsira zakudya kukhitchini, nzeru imene anaiphunzira kwa anthu omwe anakhalako pachilumba cha Java ku Indonesia. Agar amasungunuka pa madigiri pafupifupi 85, salimba kufikira atazizira mpaka madigiri pafupifupi 40, ndipo mabakiteriya ambiri sangathe kumugaya. Koch anamutchula mu lipoti lake la 1882 lonena za kachilombo koyambitsa TB, koma dzina la mayiyo sanalilembe. Choncho Klebsiella wa azakhali anali atagona usiku wonse pa chinthu chochokera ku ndere za m’nyanja, ndipo anadzuka wonenepa.

Komabe tinayesa. Sikunali kufufuza koti munthu n’kulemba m’magazini ya sayansi, koma mnyamatayo anachita mwadongosolo. Ufa wina anauviika m’madzi owiritsa, wina mu ethanol, womwe ndi mowa wa mu labotale, n’kusefa, kudonthezera pa timapepala topanda mankhwala ndi kutiumitsa. Timapepalato anatiika pambale ziwiri, ina ya bakiteriya wotchedwa Staphylococcus aureus amene labotale imasunga poyesera zipangizo zake, ina ya Klebsiella wa azakhali. Anaikaponso kapepala ka ethanol yekha kuti tisanamizidwe ndi mphamvu ya mowawo. Pomaliza anatsina ufa wouma wa m’paketi n’kuuwaza pambale ina yoyera yopanda kachilombo kalikonse.

M’mawa mwake, pambale ya Staphylococcus panali kabwalo kakang’ono kuzungulira kapepala ka ufa woviikidwa mu ethanol, kochepa kwambiri moti munthu ankafunika kupendeketsa mbaleyo pawindo kuti akaone. Ka ufa woviikidwa m’madzi kanalibe kanthu. Pambale ya Klebsiella panalibe bwalo ngakhale limodzi. Koma mbale imene inandiimitsa mutu inali yomaliza ija, chifukwa ponse pamene panagwera ufa panali patamera timadontho ta mabakiteriya, ndipo titaisiyanso kwa kanthawi panabwera nkhungu. N’zosadabwitsa, popeza ndere zoumitsidwa padzuwa, zopunthidwa ndi kulongedzedwa pamanja ndi chakudya wamba, ndipo palibe amene anazikonzera kuti zikalowe m’chilonda chotseguka cha munthu wodwala shuga.

Chifukwa chake ndere zimadziteteza

Kabwalo kakang’ono kaja sikanali kamwayi, ndipo chifukwa chake n’chomveka. Ndere za m’nyanja yamchere zilibe khungwa, sizingathawe, ndipo zimakhala m’madzi momwe mililita imodzi imatha kukhala ndi mabakiteriya pafupifupi miliyoni. Chinthu chilichonse chosiyidwa m’madzi amenewo chimayamba kuterera m’masiku ochepa chifukwa tizilombo timamangapo mudzi, ndipo chomera chimene chingakutidwe motero sichingalandire kuwala kwa dzuwa. Kuti zikhale ndi moyo, ndere zambiri zimapanga mankhwala awoawo.

Ndere zakhofi, monga Ecklonia cava yomwe yafufuzidwa kwambiri ku Korea ndi ku Japan, zili ndi ma phlorotannin, zinthu zofanana ndi tannin wopezeka mu tiyi ndi m’makungwa a mitengo. Zimenezi zimamatirira ku mapuloteni ndi kuwononga chikopa cha bakiteriya, ndipo mu labotale zaonetsa mphamvu ngakhale pa Staphylococcus wosamva mankhwala amene amatchedwa MRSA. Ndere zofiira zambiri zimatenga bromine wa m’madzi amchere n’kupangira poizoni. Asparagopsis ndi imodzi mwa izo, ndipo bromoform wake ndi wamphamvu moti alimi ena a ku Australia amasakaniza nderezi pang’ono m’chakudya cha ng’ombe kuti achepetse mpweya wa methane umene tizilombo ta m’chifu timapanga.

Imene imandichititsa chidwi kuposa zonse ndi Delisea pulchra, ndere yofiira ya m’nyanja za kufupi ndi Sydney, imene ofufuza anaiona kuti imakhala yoyera pamene zinthu zoyandikana nayo zakutidwa. Mabakiteriya ambiri amatulutsa timankhwala todziwitsana kuchuluka kwawo, ndipo akazindikira kuti akwanira m’pamene amayamba kumanga chophimba choterera ndi kutulutsa poizoni wawo. Mu 1996 ofufuza a ku Australia ndi ku Denmark anaonetsa kuti ma furanone, mankhwala amene Delisea imapanga, amasokoneza uthenga umenewu. Sapha mabakiteriyawo, koma amawagonthetsa, moti aliyense amakhala ngati ali yekha ndipo salimba mtima kuyamba nkhondo. Ma furanone opangidwa mu labotale motengera amenewa anathandiza mbewa zoyeserera kuchotsa bakiteriya wotchedwa Pseudomonas aeruginosa m’mapapo. Ngakhale zili choncho, papita zaka pafupifupi 30 ndipo sanafike m’famase, makamaka chifukwa ambiri mwa iwo amavulazanso maselo a munthu.

Mtunda wa pakati pa mbale ndi chidendene

Apa m’pamene uthenga wa pafoni uja unadumpha. Nkhani zambiri za kafukufukuyu zimathera pa bwalo la pambale, ndipo bwalo limangonena kuti chinthu china chalepheretsa mabakiteriya kumera pa agar. Jik nayenso amapanga bwalo lalikulu kwambiri, koma palibe dokotala amene angauze wodwala kuti amwe. Mankhwala enieni ayenera kupha kachilombo n’kusiya munthu, kufika pamene pali matenda, ndi kukhalapo nthawi yokwanira.

Palinso nkhani ya mlingo. Maantibayotiki a kuchipatala amagwira ntchito pa mamaikulogalamu ochepa mu mililita imodzi, pamene madzi ongofinyidwa ku ndere kawirikawiri amafunika mamiligalamu, kutanthauza kuchuluka kowirikiza mwina kachikwi. Zambiri mwa zinthu zamphamvuzo zimatuluka bwino ndi ethanol, methanol kapena acetone, osati ndi madzi a m’ketulo, ndiye chifukwa chake kapepala kathu ka madzi kanangokhala chete. Kuchuluka kwake kumasinthanso malinga ndi mtundu wa ndere, nyengo yokolola, malo ndi kaumitsidwe, moti mapaketi awiri ooneka ofanana sangakhale ndi mphamvu yofanana. Ndipo tannin amene amamatirira ku mapuloteni a bakiteriya pambale, akafika pachilonda amapeza mapuloteni a mafinya ndi a magazi, n’kuthera pamenepo.

Kusiyana kwa mbale ziwiri zija nakonso n’kodziwika. Kuyambira 1884, pamene Hans Christian Gram anapeza njira yopakira mabakiteriya utoto, timawagawa m’magulu awiri. Staphylococcus ali m’gulu lopanda chikopa chachiwiri chakunja, ndipo n’kosavuta kumufikira. Klebsiella, Escherichia coli, Salmonella woyambitsa tayifodi ndi Vibrio woyambitsa kolera ali ndi chikopa chimenecho, chomwe chimatsekereza mankhwala ambiri panja. Malipoti ochuluka a ndere amaonetsa mphamvu yaikulu pa gulu loyambalo ndi yochepa pa lachiwirili.

Mwani wa ku Zanzibar sulimidwa n’komwe chifukwa cha mankhwala. Mitundu yake iwiri, Eucheuma denticulatum ndi Kappaphycus alvarezii, inachokera ku Philippines, ndipo ulimi wake wamalonda unayamba mu 1989 m’midzi ya Paje ndi Jambiani. Amaugula chifukwa cha carrageenan, chinthu cholimbitsira zakudya ndi mankhwala otsukira mano. Ndipo madzi akatentha kwambiri mwaniwo umadwala matenda otchedwa ice-ice, nthambi zake n’kuyera, kufewa ndi kuthothoka, mabakiteriya akuthandizira kuwola kwake. Amayi a kumeneko ataya zokolola zambiri ndi matenda amenewa. Mpaka lero palibe antibayotiki wovomerezeka wakumwa kapena wobaya amene anachokera ku ndere za m’nyanja.

Zimene anamwino anapaka

Azakhali anagonekedwa, madokotala anachotsa mnofu wakufa, anawabaya jekeseni amene mbale ija inaloza, n’kuwongolera shuga wawo. Potsuka chilondacho anamwino ankagwiritsa ntchito ayodini, ndipo nditawauza azakhali kumene ayodini anapezeka koyamba anandiyang’ana ngati ndikuwaseka. Mu 1811 Bernard Courtois wa ku France, amene ankapanga zopangira wonga wa mfuti kuchokera ku phulusa la ndere za m’nyanja, anathira asidi wambiri m’phulusamo ndipo kunatuluka nthunzi yapepo. Ameneyo anali ayodini, yemweyo amene timamupeza mumchere kuti tipewe chithokomiro. Masiku ano wambiri amakumbidwa ku Chile ndi ku Japan, koma chiyambi chake ndi ndere.

Palinso alginate, amene E. C. C. Stanford anamupeza mu ndere zakhofi mu 1881. Amapangira mabandeji omwe amayamwa madzi a pachilonda n’kusanduka phala lofewa, ngakhale kuti kuno kwathu sitiwaona kawirikawiri. Ntchito yawo yaikulu si kupha tizilombo, ndipo opanga akafuna kuti aziphanso amawonjezamo siliva. Zonsezi, agar, ayodini ndi alginate, zinafika m’chipatala zitapatulidwa, kuyeretsedwa ndi kuyezedwa mlingo. Chilonda cha azakhali chinapola mwapang’onopang’ono ndipo phazi linapulumuka. Ufa wotsalawo msuweni wanga anamaliza kuuika m’phala la ana ake, kumene sunavutitse munthu.

Chifukwa chake uthengawo unapeza makutu

Sindingamuseke msuweni wanga, chifukwa anaona mayi ake akumwa mankhwala osiyanasiyana popanda kusintha, ndipo mantha ake ali ndi maziko. Lipoti lalikulu lofalitsidwa mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2022 linayerekeza kuti mu 2019 anthu 1.27 miliyoni padziko lonse anamwalira mwachindunji chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo chiwerengero cha imfa poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu chinali chokwera kwambiri kuno kumwera kwa chipululu cha Sahara. Ku Blantyre, ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anasanthula magazi a odwala a pa Queen Elizabeth Central Hospital kuyambira 1998 mpaka 2016. Anapeza kuti Klebsiella wosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone anachoka pa 12 mwa 100 aliwonse mu 2003 kufika pa 90 mwa 100 mu 2016, ndipo Escherichia coli anachoka pa osakwana mmodzi kufika pa 30.

Munthu amene wakhumudwa ndi makapisozi akamva kuti pali chomera chimene chikuwaposa, amathamangira komweko. Chomvetsa chisoni n’chakuti makapisoziwo anafooka chifukwa cha kagwiritsidwe kathu komwe: kugula awiri kapena atatu malinga ndi ndalama imene ilipo, kusiya kumwa thupi likangopepuka, kumwera chimfine, ndi kuthira m’madzi a nkhuku. Wogulitsa pagolosale safunsa kalata ya dokotala, ndipo odwala ambiri amalandira mankhwala popanda mbale yoonetsa kachilombo kamene akulimbana nako. Azakhali anali ndi mwayi woti wina anawapukuta mafinya.

Nanga ndere za m’nyanja yathuyi?

Nditafotokoza nkhaniyi m’kalasi, mtsikana wina wa Fomu 3 wochokera ku Chia anafunsa funso limene ndinkaliopa. Anati ngati ndere zili ndi mankhwala, bwanji tikuvutika ndi za ku Zanzibar pamene miyala ya kunyanja kwathu ndi yobiriwira ndi ndere. Ndinkaliopa chifukwa ndikudziwa kuti nkhani ikachoka m’kalasi n’kufika kumudzi imafupika, ndipo mawa wina angapale ndere pamwala n’kumata pabala la mwana.

Nyanja ya Malawi ndi yamadzi opanda mchere, ndipo ndere zikuluzikulu zakhofi zopanga ma phlorotannin sizimeramo. Bromine ndi ayodini amene ndere zofiira zimapangira zida zawo ndi ochepa kwambiri m’madzi athu. Zimene timaona pamiyala ndi pamabango ndi tiulusi tobiriwira, tizomera tosaoneka ndi maso timene mbuna zimadya, komanso ma cyanobacteria, omwe kwenikweni ndi mabakiteriya ndipo ena mwa iwo amapanga poizoni wowononga chiwindi ndi mitsempha. Choopsa china n’chakuti ndere za m’madzi opanda mchere zimatha kusunga matenda m’malo mowapha. Ku Bangladesh ofufuza anapeza kuti Vibrio cholerae amabisala mu utomoni woterera wa ndere zina ndiponso pa tizilombo ting’onoting’ono tosambira m’madzi. Gulu la Rita Colwell linaonetsa mu 2003 kuti kusefa madzi a padziwe ndi nsalu yakale yopindidwa kanayi kunachepetsa kolera ndi pafupifupi theka, chifukwa nsaluyo inkakola zinthu zimene kachilomboko kamamatirirako. Ife a m’mphepete mwa nyanja sitifunika kukumbutsidwa za mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n’kupha anthu oposa 1,700 m’dziko muno.

Komabe funso la mtsikanayo silinali lopusa. Chinthu choyamba cholimbana ndi mabakiteriya chimene chinapatulidwa ku ndere chinachokera m’madzi opanda mchere. Mu 1944 Robertson Pratt ndi anzake ku California analengeza za chlorellin, mafuta ena ochokera ku tindere tobiriwira totchedwa Chlorella, amene ankaletsa mabakiteriya kumera, koma penicillin, yemwe anali atayamba kupangidwa wochuluka nthawi yomweyo, anali wamphamvu kwambiri moti chlorellin anaiwalika. Nyanja yathu ndi yakale kwambiri, ndipo ngati inatulutsa mitundu mazanamazana ya nsomba zosapezeka kwina kulikonse, n’koyenera kuti tizomera take tifufuzidwe mwakhama. Anthu oti angayambe ntchitoyo tili nawo, ku Bunda, ku Mzuzu University ndi kwa ofufuza za nsomba ku Senga Bay ndi ku Monkey Bay, ndipo ofufuza za mankhwala ali ku Kamuzu University of Health Sciences.

Ndinawauza ophunzirawo kuti amene adzachite zimenezi ayenera kudziwa dzina lenileni la ndere imene watola, kupatula chinthu chimene chikugwira ntchito, ndi kuchiyesa pa maselo a munthu asanalankhule ndi mtolankhani aliyense. Koma chimene ndinatsindika kwambiri ndi mbale yoyambira. N’kosavuta kusankha Staphylococcus wa mu labotale, kupeza kabwalo n’kulemba lipoti, ndipo malipoti otero alipo kale ochuluka. Ofufuza athu akadzayamba, ayambire pa Klebsiella ndi Escherichia coli otengedwa kwa odwala a m’mawodi athu, amene ceftriaxone wawalephera kale.